Ndani Anagogoda Kunja kwa Chombo

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka. Ndinabwera kudzangoonetsa chala cha kuphazi, iwo aona phazi lonse, akwera mpaka pa katumba, kenaka andilozera bedi. Ndikanadziwa ndikanachituma chokha chalacho, ine n'kutsala kunyumba.

Shuga amupeza ali pa 24. Adokotala, munthu woti ndevu zake lumo langa lingachite nazo chisoni, andifunsa kuti balali linayamba liti. Ndati linayamba ngati ukwati, pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa. Sanaseke. Alemba. Ndikuopa kuti alemba zomwezo.

Andiika diripi ya mankhwala opha tizilombo kudzanja lamanzere, ndi jakisoni wa insulini pamimba m'mawa ndi madzulo. Mpongozi wanga wandigulira kope lino kuti ndizilembamo mankhwala, akuti ndimaiwala. Ndizilembamo zimene ndikufuna. Mwini kope ndine.

Kumanja kwanga kuli Adalaivala a lole. Anathyoka ntchafu, mwendo auimika m'mwamba ndi chingwe ngati ukupereka moni kwa denga. Kumanzere kuli munthu amene nkhope yake sindinaione, wagona choyang'ana kukhoma. Ndamupatsa moni, zii. Ndamuuza kuti ine ndine a Lumo, ndameta mitu ya tawuni yonse, ndipo nkhongo yakeyo ndaiona kale, ikufunika ntchito. Zii. Ndamutcha a Khoma.

Lachitatu, 4 Juni

Kuno amadzutsa munthu kuti amufunse ngati wagona bwino. Kenaka wokolopa, kenaka kubaya chala poyeza shuga (lero 17), kenaka tiyi wopanda shuga, amene ndi madzi otentha ovala yunifolomu ya tiyi. Pambuyo pake a Sisitala ndi thireyi yawo kudzatsuka bala. Pamenepo sindiseka. Amadula nyama yakufa ndi kasizasi kabwino kuposa kalikonse kamene ndinagwirapo. Ndawapempha kuti akathana nane andisiyire.

Masana kunabwera mwana wanga. Ameneyu sakhala pansi, amaima kumiyendo kwa bedi akuliza makiyi a galimoto.

"Bambo, nyumba ija tikubweza kwa eni ake mwezi uno ukatha. Simungakhalenso nokha. Mudzakhala kwathu, m'chipinda chakumbuyo chija."

"Ndi mabuku anga?"

"Bambo, m'menemo muli bedi ndi firiji yakale. Mabukuwo akhala pati? Pali munthu amagula mapepala pa sikelo, akumsika amakulungira zinthu."

Ndilembe apa kuti zidziwike. Mabuku amenewa anayamba ndi limodzi limene kasitomala anaiwala pampando m'shopu yanga yometera. Pa chikuto panali munthu wovala chipewa cha galasi, ataima pa mwezi wofiira. Sukulu yanga inathera ku pulayimale, choncho ndinkawerenga chala chili pa mzere, pambali dikishonale yopanda chikuto. Linanditengera nyengo yonse ya mvula. Nditamaliza ndinatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu amene wauzidwa kuti ali ndi abale kumeneko. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutola kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu: a zombo zopita ku nyenyezi, a maloboti, a zinjoka zolavula moto, a mafumu a mayiko amene kulibe. Anadzaza khoma lonse. Malemu mayi a ana ankati ndi akazi anzawo, koma fumbi ankawapukuta okha.

Ndamuuza kuti asawakhudze. Andipatse mwezi uno ndiwapezere munthu. Osati wogula, wowerenga. Ngakhale mmodzi, woti akamaliza abwere tikangane. Wati chabwino, uku akuyang'ana wotchi. Ndamutuma anditumizire angapo.

Atapita ndinakhala ndikuyang'ana diripi ikudontha.

Lachisanu, 6 Juni

Shuga 15. Bala likununkhabe. Andijambula ekisileyi ya phazi. Ndinawapempha adikire ndipese tsitsi, ngakhale ndilibe.

Mpongozi wabweretsa malalanje ndi mabuku anayi. Wasankha ndi maso otseka koma dzanja lake lili ndi mwayi.

Njira yanga ndi iyi. Munthu sawerenga buku ukamuuza zoona. Ukati muli anthu akupita ku nyenyezi, amati kukatani. Ndiye ine ndimamuyang'ana munthu, ndimve ntchito yake, n'kumuuza kuti m'bukumo muli wina wa ntchito yomweyo. Telala ndinkamuuza kuti muli telala. Wapolisi ndinkamuuza kuti muli wapolisi, wanzeru kuposa onse. Amayamba kuwerenga akufunafuna munthu wakeyo, pofika pakati waiwala chimene amafuna. Ena ankabwerera atafiira maso, kudzandinena kuti ndine wabodza. Wokwiyayo ndiye wawerenga. Koma onsewo anamwalira kapena anasamuka, ndipo palibe anapemphapo lachiwiri.

Ndayamba ndi a Sisitala. Ndawapatsa la mfumukazi imene lupanga lake limachita dzimbiri munthu akainamiza. Buku lokoma, nduna zake zonse zimayenda ndi mafuta m'thumba. Ndawauza kuti muli namwino amene amazula dzino la chinjoka.

"Agogo, nthawi yowerenga ndiipeze kuti? Ine ndikafika kunyumba ndimagona ndi nsapato."

Alitengabe. Popita kosamba ndaliona pa tebulo lawo, kapu ya tiyi ili pamwamba.

Abusa amene amayendera odwala ndawapatsa la loboti losesa sitesheni ya sitima m'dziko limene anthu onse anachokamo. Limasesa m'mawa uliwonse, n'kulengeza sitima zimene sizibwera. Limeneli ndinaliwerenganso mayi a ana atangomwalira. Ndawauza kuti muli mlaliki. Ayang'ana chikuto, ayang'ana ine, andipempherera kachiwiri. Alitenga akuti akaliunike.

Awiri otsalawo ndi a Chombo, loyamba ndi lachiwiri. Amenewa ndiwo mtima wanga. Dziko lina likuuma, ndiye atuma chombo kukatunga madzi ku nyenyezi yakutali. Ulendo ndi wautali moti onse amagona tulo tozizira m'mabokosi, mmodzi yekha ndiye amakhala maso chaka chathunthu kulondera, kenaka n'kudzutsa mnzake, iye n'kugona. Amaonana posinthana pokha. Lachiwiri limathera pamene mayi wina ali maso yekha, wailesi ya kwawo inasiya kuyankha kalekale, ndiye akumva kugogoda. Kunja kwa chombo. Pansi pake analemba kuti nkhani ikupitirira m'buku lachitatu. Lachitatulo ndalifuna mpaka ogulitsa mabuku ankabisala akandiona. Sindinalipeze.

Loyamba ndawapatsa Adalaivala. Muli dalaivala, ndatero.

Lamlungu, 8 Juni

Tsiku la alendo ambiri. Wodi yonse fungo la nkhuku yokazinga ndi mafuta odzola. Bedi lililonse lazunguliridwa, ena akupemphera, ena akukangana za mbuzi imene sinamangidwe. Langa lili mbee ngati bwalo la mpira tsiku la mvula. Mwana wanga watumiza uthenga pa foni kuti ali ndi alendo.

Ndasenda lalanje pang'onopang'ono kuti ndioneke wotanganidwa. Amandilola theka lokha.

Adalaivala apeza ntchito ya buku langa: atsamiritsapo foni kuti aziona mpira manja ali pamimba.

A Khoma amene amabwera kudzawaona ndi akazi awo okha, mayi wojintcha amene amagulitsa nsalu kumsika, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale kuno. Amawamwetsa msuzi ndi supuni, iwo osatembenuka. Mayiwo andinong'oneza kuti ndi impso, ndipo maso anafa kale ndi shuga yemweyu. "Musawaone choncho, anali munthu wolankhula," atero. Andipatsa dzira lowiritsa. Ndalidya ngati ndine m'bale.

Lachiwiri, 10 Juni

Lero khoma lalankhula.

Ndiyambe ndi za mwendo. Shuga 13. Ekisileyi yaonetsa kuti matenda afika m'fupa. Adokotala akuti ayesa mankhwala ena amphamvu sabata ino, zikakanika adula pansi pa bondo. Ndawafunsa ngati kuli shopu yogulitsa nsapato imodzi imodzi. Ulendo uno amwetulira, ndiye ndadziwa kuti nkhani ndi yoipa.

Masana ndimafuna kuiwala, ndiye ndinayambanso kuwanyengerera Adalaivala.

"Achimwene, chotsani foniyo mulitsegule. Dalaivala wa m'menemo amakhota pakati pa nyenyezi ziwiri osaponda buleki. Apolisi a pamsewu kulibe."

"Amanyamula chiyani?"

"Madzi."

"Aa, wa thanki. Anthu a mathanki ndi onyada."

Pomwepo kumanzere kwanga kunamveka mawu, okhuthala ngati akutuluka mu mgolo. "Mukunama. Mulibe dalaivala m'menemo. Chombocho chimadziyendetsa chokha."

Ndinatembenuka mpaka diripi kukoka. A Khoma anali chiyang'anire kukhoma.

"Mwati bwanji, achikulire?"

"Ndati ndinu wabodza. Si la chikuto cha buluu, mayi akusuzumira pa zenera lozungulira? Onse amagona, mmodzi amalondera. Dalaivalayo mwamutenga kuti?"

Ndinakoka buku pansi pa foni ya Adalaivala, chigoli chikulowa. Chikuto cha buluu, mayi, zenera lozungulira. Tsitsi langa likanaima ndikanakhala nalo.

A Khoma atembenuka. Nkhope yotupa, maso otuwa, ndevu zoti ndi mlandu. Akuti ankayang'anira mapampu a madzi ku damu, kutali ndi tawuni, yekhayekha m'kanyumba. Injiniya wina pochoka anasiya bokosi la mabuku. "Pampu imangofuna makutu," atero. "Maso amakhala opanda ntchito."

Takangana mpaka chakudya chamadzulo kuzizira. M'buku loyamba muli mlonda wina amene anadzutsa mnzake nthawi isanakwane, chabe kuti akhale ndi wocheza naye. A Khoma akuti ndi wodzikonda, anamudyera mnzake zaka za moyo. Ine ndikuti aliyense akanatero, ine ndikanadzutsa onse sabata yoyamba. Akuti n'chifukwa chake anthu ngati ine sawatuma ku nyenyezi. A Sisitala anabwera kudzatiletsa phokoso, ataona amene akukuwa anangoima, thireyi m'manja.

Moyo wanga wonse ndanamiza anthu za mabuku amenewa. Lero ndi koyamba kugwidwa ndi munthu amene sindinamubwereke buku ineyo.

Lachitatu, 11 Juni

Shuga 12. Mankhwala atsopano amawotcha mtsempha polowa.

Ndinadikira mpaka a Khoma atawatsuka m'kamwa, ndiye ndinafunsa. "Buku lachitatu lija munaliwerenga?"

"Ndinaliwerenga."

"Ambuye! Ndani anagogoda?"

"Pang'onopang'ono, a Lumo. Ndilibe mpweya. Ndizikupatsani ngati insulini, pang'ono patsiku."

"Ndibayeni ya lero."

"Anali munthu. Osati chilombo."

Basi. Ndawachonderera, ndawalonjeza kuwameta ulere, ndawaopseza kuti ndiuza akazi awo kuti amataya mapiritsi m'kapu. Atembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Munthu woipa mtima.

Lachisanu, 13 Juni

Bala silikusintha. Kufiira kwakwera kupitirira mzere umene Adokotala anajambula ndi bolopeni pa katumba.

Insulini ya a Khoma: dzulo anati munthuyo anachokera kwawo komwe. Lero akuti anabwera pa kachombo kakang'ono, atawatsatira zaka zambirimbiri ali yekha. Ndafunsa kuti amadya chiyani. Akuti ndisamadule nkhani ya akuluakulu.

Ndawauza mabuku ena amene ndili nawo, iwo andiuza amene anali m'bokosi la injiniya. Akuti ndiyenera kupeza la mzinda umene mvula yake imagwa kuchokera pansi kupita kumwamba, anthu n'kumavala maambulera kumapazi. Ine ndawauza la telala wosoka mapu, amene dziko lililonse akalisoka limaonekadi kutsidya kwa nyanja, ndipo akalakwitsa ulusi anthu a kumeneko amabadwa ndi mtsinje m'nyumba. Akuti, "Limeneli mwapeka." Ndalumbira kuti lili pa shelefu yachiwiri pafupi ndi zenera. Zoonadi lilipo. Vuto la wabodza, tsiku lonena zoona alibe mboni.

Pamenepo ndinawauza za wogula mapepala uja. Iwo anati, "Kwathu kuli chipinda cha mwana wathu amene anapita kunja. Chili chabe, muli makoswe ndi mipukutu ya nsalu. Abweretseni."

"Inu muwaona ndi chiyani?"

"Muzibwera muzindiwerengera. Mukanama ndizikugwirani."

Ndinanamizira kufunafuna silipasi pansi pa bedi.

Lamlungu, 15 Juni

Mayi a nsalu avomera, koma mokoka. "Mabuku? Bambo awa akuona?" A Khoma akuti ali ndi makutu. Mayiwo akuti bola asabwere ndi mphemvu.

Ndamuimbira mwana wanga. Ndamuuza kuti munthu wapezeka, asaitane wa sikelo uja. "Ndamva bambo, tikambirana, ndikuyendetsa galimoto."

A Khoma miyendo yatupa kwambiri, mkodzo m'thumba lawo ndi wochepa, wakuda. Madokotala akuti mtima wawo sungapirire makina otsuka magazi. Lero a Khoma sanandibaye insulini yanga ya nkhani ija, anagona tsiku lonse. Ndawawerengera mutu woyamba wa Chombo chapansipansi. Ndinaikamo mbuzi imene mulibe, kuti ndione. Sanandigwire.

Lolemba, 16 Juni

Mawa. Pansi pa bondo. Ndasaina. Kuyambira madzulo osadya kanthu.

Namwino wina wabwera kudzandimeta mwendo, ndi lezala louma, mobwerera chammbuyo, khungu osalikoka. Ndatseka maso. Ndamuuza kuti kudulako ndawakhululukira kale, koma kumeta uku tidzakaonana kumwamba.

Ndayang'ana phazi langa nthawi yaitali. Laima kumbuyo kwa mpando wometera kuyambira ndili mnyamata. Silinadandaulepo mpaka chaka chino.

A Khoma adzuka madzulo. Akuti, "Munthu uja ananyamula kachikwama."

"Muli chiyani?"

"Mukabwerako."

"Nanga ndikapanda kubwerako?"

"Ndiye mukamufunse nokha."

Lachitatu, 18 Juni

Adula. Ndikusanza. Jakisoni wa ululu pa ntchafu.

Chala chimene kulibe chikuyabwa.

Lachinayi, 19 Juni

Shuga 10. Andiika magazi botolo limodzi. Bulangeti lagona fulati pamene panali phiri. Sindikuyang'anako.

A Khoma anafunsa a Sisitala ngati wabodza uja wabwerera. Ndinamva, koma kukamwa kunali kolemera.

Lachisanu, 20 Juni

Mwana wanga wabwera, wakhala pansi. Makiyi ali m'thumba. A Sisitala akuti tsiku la opaleshoni anakhala pa benchi ya ku fiyeta osadya, mpaka ananditulutsa.

Wandisendera lalanje. Wafunsa za ululu. Wafunsanso za ululu. Ndiye ndati, "Nena."

Eni nyumba anafuna makiyi msanga kuti apente. Anthu onyamula katundu anabwera tsiku lomwe ndinali ku fiyeta, iye kulibe, anangowauza pa foni kuti bedi ndi zovala zipite kwake, zina zonse aone chochita. Wa sikelo amakhala msewu womwewo.

"Zija munandiuza ndinaiwala, bambo. Mutu wanga unali pa mwendo wanu. Ndinapitako dzulo, anawang'amba kale zikuto."

Ndinafuna nthabwala, ndinaifunafuna paliponse, sindinaipeze. Ndangoti, "Wachita bwino kubwera." Analira ndi iyeyo. Ndinamusisita m'mutu. Amene amamumeta masiku ano sadziwa ntchito.

Loweruka, 21 Juni

Shuga 11. Atsegula bandeji, akuti ulusi uli bwino.

Penapake munthu wagula tomato m'tsamba la telala wosoka mapu.

Ndafunda mutu.

Lamlungu, 22 Juni

Alendo atachoka, wodi ili zii ndi kutentha kwa masana, ndinamva, "A Lumo. Akuti mwafunda mutu. Kunyada kumeneko mwayamba liti?"

Anali a Khoma. Za mabuku anazimva okha Lachisanu, makatani a kuno satchinga mawu.

"Chabwino, ndiuza Adalaivala. Adalaivala, mayi uja anatsegula chitseko cha chombo." Amalankhula mopumira, mawu atatu n'kupuma. "Munthu uja analowa. Nkhalamba. Ya dazi. Ya mwendo umodzi."

Ndinavundukula bulangeti.

"Kumeneko zilibe kanthu, kulibe kulemera, aliyense amayandama. Wa miyendo iwiri ndiye amavutika, imangogunda zinthu. Ndiye anatsegula kachikwama kaja. Sizasi. Chipeso. Lumo. Kansalu kokoleka m'khosi. Kwawo kuja chombo chitanyamuka, anakumbukira mochedwa kuti aika dokotala, aika injiniya, koma wometa sanaikemo. Ndiye anamutuma awatsatire. Anthu ogona aja tsitsi linali litadzaza mabokosi, ndevu mpaka m'mawondo."

Adalaivala anazimitsa mpira. "Ndiye?"

"Ndiye ankawadzutsa mmodzi mmodzi, kumukhazika, kumukoleka kansalu, uku akumunamiza. Kwanu kuli bwino, mvula inagwa, akazi anu sanakwatiwenso, timu yanu inatenga chikho. Onse ankadziwa kuti akunama. Koma kuyambira pamenepo panalibenso wolondera yekha, chifukwa wometayo sankagona. Ankangolongolola, chaka ndi chaka."

"Madziwo anafika nawo?" Anafunsa ndi Adalaivala.

"Buku limatha ali m'njira. Koma akuseka."

Ndinawayang'ana. Maso otuwa aja ali kudenga, nkhope ili phee ngati ya woweruza milandu. Buku lachitatu sanaliwerengepo munthu ameneyu. Injiniya uja ayenera kuti anasiya awiri okha ngati anga. Wamva njira yanga ali chogona kukhoma, waisunga, wandimeta ndi lumo langa lomwe, masiku onsewa ine khosi nditapereka.

"Mukunama, a Khoma."

"Mukunditsutsa ndi tsamba liti? Kalipezeni mudzandionetse."

Ndinaseka mpaka ulusi kukoka. A Sisitala anathamanga, akuti agogo mukulira chiyani. Ine ndimati ndikuseka, iwo amati ndikulira. Sitinamvane.

Lachiwiri, 24 Juni

Shuga 9. Wophunzitsa kuyenda wandiimika ndi ndodo ziwiri. Ndafika pa zenera, chizungulire, ndabwerera pa chikuku. Akuti ndachita bwino. Ameneyonso ndi wa mpingo wathu wa abodza.

Abusa aja sanabwerenso mbali ino. La a Sisitala silikuoneka pa tebulo, akuti mwina wina anatengera ku wodi ya amayi.

Madokotala anaima nthawi yaitali pa bedi la a Khoma, kenaka anaitanira akazi awo pakhonde. Mawa akupita kwawo. Si kuchira ayi. Akuti kuno palibenso chimene angawachitire choposa kunyumba.

Ndapempha beseni la madzi ofunda, sopo ndi lezala latsopano. Andikankhira pafupi pa chikuku. Ndawameta bwinobwino, khungu ndikulikoka, kutsatira kumene ndevu zagonera. Manja anga akadali anga. Pomaliza ndinawaonetsa galasi mwachizolowezi, iwo n'kuti, "Mwandikongoletsa, ndikuona." Abodza awiri.

Lachitatu, 25 Juni

Mayi a nsalu anafika m'mawa ndi malaya oyera ndi jekete. Anawaveka, anawakweza pa chikuku, analongedza makapu ndi mabulangeti. Ine ndinatulutsa buku lachiwiri la Chombo m'kakabati, loyamba ndinalilanda kwa Adalaivala. Anadandaula kuti anali atafika tsamba lachisanu. Ndawauza kuti dalaivala mulibe, akuti akudziwa, amafuna aone wometayo.

"Mayi, tengani awa."

"Iii, a Lumo, ndi awiri okha amene mwatsala nawo. Komanso awerenga ndani? Bambo awa mukuwaona mmene alili."

"Muziwawerengera inuyo."

"Ine? Zinthu za nyenyezi? Ine ndimawerenga tepi yoyezera basi. Sungani, adzukulu anu adzawerenga."

Anali atayamba kale kukankha chikuku. Ndiye ndinati, "Pepani, ndimangoti mwina mungakonde, poti muli mayi wogulitsa nsalu."

Anaima. "M'chombo?"

"Eya. Ndiye amasunga chuma chonse cha m'chombomo. Palibe amamubera ngakhale kachidutswa, amayeza ndi maso okha."

Anayang'ana chikuto, anayang'ana ine, akukayika. Anawagwira amuna awo paphewa. "Bambo, inu munawerenga. N'zoona zimenezi, kapena ndi bodza lawo lija?"

A Khoma anapuma kawiri, katatu.

"Alimo," anatero. "Wojintcha, wolongolola. Koma ali chakumapeto. Mukapanda kumupeza m'loyamba, ali m'lachiwiri. Muziwerenga mokweza ndikuthandizeni kumufuna."

Mayiwo anatsegula chikwama, anasuntha mabotolo a mankhwala, anawaika onse awiri n'kutseka zipi. "Ndikapanda kumupeza ndibwera kudzakuzazirani, a Lumo. Kwa mwana wanuko ndikufunsa njira."

"Mubwere, mayi. Mubwere mutakwiya kwambiri."

A Khoma anatambasula dzanja kolakwika, kumene kunalibe munthu. Ndinadzikankha ndi chikuku mpaka ndinaligwira. Lozizira, lotupa, koma linafinya.

Galimoto inachedwa, ndiye anadikira pakhonde, kuseri kwa zenera langa. Ndinamva zipi ikutseguka. Kenaka mawu a mayiwo, akugunda pa liwu lililonse lalitali, n'kubwerera, n'kuyambanso. Kenaka mawu aja a mu mgolo, akuwakonza.

Shuga 8. Bala lauma. Bedi la kumanzere alipukuta ndi mankhwala, palibe amene wagonekedwapo. M'kakabati mwanga mwatsala sopo ndi theka la lalanje.